Udzu wa Katsala

Padangokhala, kale lija nyama zikadali kupalana moto ndi kubwerekana mchere, padali Njiri. Musamuone lero ali bii ndi matope. Masiku amenewo adali nduna yosunga nkhokwe za Mfumu Njati, ndipo nkhope yake idali yosalala, yopanda zotupa mukuzionazi. Sankagwadira wina aliyense kupatula mfumu, ndipo mfumuyonso ankaigwadira ndi bondo limodzi.

Mkazi wa Njiri adamwalira kalekale, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Namatope. Mwanayu ankaweta kambira m'kakhola ka kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ankalawirira kokamweta udzu, ndipo pobwera ankaimba. Nyimbo yake idali yaifupi, ya mizere iwiri basi. Woyamba unkafunsa kuti ndani ali ndi njala pakhomo pano, wachiwiri unkamutonthoza wanjalayo kuti amene adapita uja ali m'njira, akubwera. Namatope akafika pa mzere wachiwiriwo, kambira kaja kankavomera ndi kamluzu kake m'kholamo. Njiri ankazimva zonsezi ali pamphasa, n'kumadandaula kuti akumusokosera.

Koma mwana wamkazi akakula, maso a anthu amamupeza. Kudabwera Nguluwe wina wa kutali kudzafunsira mbeta, ndipo adapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale kwawo kwa mwamuna. Njiri adavomera ndi pakamwa, mtima ukukana.

Tsiku lonyamuka, Namatope adagwada pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, kambiraka sindikatenga. Mtengwa salowa pamudzi ndi ziweto zake, angati wabwera kudzalamula. Mundisungire. Ndikakamanga khola langa kumeneko, ndidzabwera kudzakatenga."

"Udzabweradi?"

"Nanga ndingakasiye kambira kanga?"

Sadanene kuti nanga ndingakusiyeni inu. Ana satero, amayesa makolo ndi mitengo yoti adzaipeza pomwe adaisiya. Koma Njiri adamvetsa bwino lomwe kuti chingwe chodzakokera mwana wake kumudzi ndi kambirako. Adamuperekeza mtunda wautali, mpaka mkamwini adachita kumupempha kuti abwerere. Adafika pakhomo miyendo ili chisoso chokhachokha, poti njira ya kwa a Nguluwe ndi ya chisoso. Adakhala pansi n'kumachithothola, ndipo kambira kaja adakatcha dzina loti Katsala.

Nyumba idakula. Njiri ankati akatsokomola, mawu ake ankamubwerera. Adamusowa mwana wake koopsa, ndipo kusowa munthu kumachititsa zopusa. Adapita kuseri, adanyamula Katsala pamodzi ndi mtolo wa udzu wouma umene Namatope adasiya, n'kuziika m'nyumba pafupi ndi mphasa yake, kuti azimva chinthu china chikupuma.

Pamenepo ndi pamene Njiri adadziwa kuti udzu wouma umamuwenga. Zaka zonsezi adali asadaugwirepo, iye pokhala nduna yodya za m'nkhokwe. Adayetsemula mpaka nkhuku za anansi zidasiya mazira. Maso adafiira, misozi ili chuchuchu, mphuno idatupa, chifuwa chidabanika. Kubwalo adayetsemula pakati pa mlandu, Mfumu Njati n'kumuuza kuti akapume kaye asadagwetse anthu. Atabwerera kunyumba adataya udzu wonse kudzala, ndipo adapezako bwino. Koma Katsala kadayamba kuzungulirazungulira, kakununkhiza pansi.

Mumtengo wa kuseri kwa nyumba ya Njiri munkakhala Gologolo, mthenga wa pabwalo. Miyendo yake idali yopepuka, koma pakamwa pake padali popepuka kuposa miyendo. Adatsika, mchira ali nawo m'mwamba.

"A nduna, maso kufiira chonchi, kodi kwagwa zovuta?"

"Udzu ukundiwenga," adatero Njiri. "Kambiraka kakufuna udzu, ine udzu ukundipha. Kakafa, mwana wanga adzabwera kudzatenga chiyani?"

Gologolo sadayang'ane Njiri kapena kambira. Adayang'ana nkhokwe ya mtedza ya Njiri, imene idali yodzaza mpaka kudenga.

"Bwanji osamufunsa mwiniwake? Mwina pali chakudya china. Miyendo ndili nayo ine. Inu mungondipatsa kamba wa panjira ndi kamphatso ka mwana wanu."

Njiri adadzaza lichero la mtedza. Gologolo adasenza, adatsazika mwaulemu, adatuluka m'mudzi, n'kukalowa m'mphako ya mtengo woyamba umene adaupeza. M'menemo adadya kamba, adadya mphatso, adagona tulo tabwino. Mtedza utatha adatuluka, adapesa mchira wake bwinobwino, n'kubwerera akutsimphina pang'ono kuti zioneke.

Njiri adamuthamangira. "Ali bwanji mwana wanga?"

"Wanenepa, a nduna. Ndipo waseka nditamuuza. Akuti mbira ya kwa nduna siyidya udzu ngati mbuzi ya mmphawi. Muzikapatsa mtedza woswa. Koma akuti mtedzawo aziyamba waulawa wamano akuthwa, kuopa wachuku."

"Wamano akuthwa ndimupeza kuti?"

Gologolo adausa moyo. "Ndidzipereka, a nduna. Nanga titani."

"Wanenanso chiyani?"

"Basi, zomwezo."

Njiri adayang'ana pansi. "Za ine sananene kanthu?"

Gologolo adaona kuti apa pali msika wina. "Ndikanaiwala. Akuti akamaphika phala amakumbukira lija munkamuphikira inu amayi ake atangotisiya, lopserera lija. Akuti la kumeneko ndi losalala koma silimukoma."

Za phalazo Gologolo adaziona yekha ali mumtengo zaka zapitazo. Njiri adaseka, kenaka adapukuta m'maso, ngakhale m'nyumbamo mudalibe udzu. Adaonjezera mtedza m'lichero. Dzuwa litapendeka adakhala pakhomo n'kuyesa nyimbo ya Namatope ndi mawu ake osasa. Adafunsa za wanjala uja, adalonjeza kuti wopita ali m'njira, ndipo Katsala kadavomera mokweza, mtedza uli m'kamwa.

Kulawa kwa Gologolo kudali kwa mtundu wake. Ankalawa dzanja lonse kuti avomereze njere imodzi. Komabe njere zimene zinkafika kwa Katsala zidali zokwanira kukanenepetsa. Kadasiya kuthamanga, kadayamba kungokhala pamodzimodzi, ndipo tsiku lina kadanunkhiza mtedza n'kutembenuka.

"Pita ukafunsenso," adatero Njiri.

Gologolo adasenza lichero lina, adakalowa m'mphako yomwe ija, adabwerako mchira uli wopesapesa.

"Akuti mtedza wokhawokha umakola. Muzikapatsa nthochi zakupsa kwambiri ndi mbatata yootcha. Zolawa zija akuti zisasiyidwe."

"Wanenanso chiyani?"

"Akuti kumeneko anthu ndi abwino, koma palibe woyenda ngati inu. Akamva mapazi kuseri amacheuka, kenaka amakumbukira kuti ali kutali."

Njiri adapempha kuti awabwereze mawuwo, ndipo Gologolo adawabwereza, n'kuthirako kamchere. Madzulo ake Njiri adaimbanso. Katsala kadavomera, koma kamluzu kake kadali kakang'ono, koti udayenera kutchera khutu.

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, koma uyu sankafika n'komwe kumaluwako. Katsala katayamba kukana nthochi, Gologolo adapitanso ulendo wachitatu, nabwera ndi mawu oti kapatsidwe chiponde chothira uchi. Ine ndikuti ngakhale wakuba amayenera kukhala ndi malire, koma Gologolo uchi ankaukonda.

"Wanenanso chiyani?" adafunsa Njiri.

Nkhani zakale zidali zitamuthera Gologolo. Adakanda kumutu. "Akuti khola lija wayamba. Mitengo wadula kale."

Njiri adaimirira, adayenda mpaka pakhomo, adayang'ana kunjira, n'kubwerera kudzakhala pansi. Tsiku limenelo adaimba nyimbo ija mokweza kuposa masiku onse. Atafika pa mzere wa wopita uja adadikira. Katsala sikadavomere.

Adakanyamula n'kukayang'ana bwino. Mimba idali gwaa ngati mwala. Mano akutsogolo adali atatalika, atapindika, mwakuti kukamwa sikunkatsekeka, ndipo malovu ankatsikira pachifuwa. Chiponde chidali pomwepo koma kadalibe podyera.

M'mawa mwake Gologolo adabwera kudzalawa, n'kupeza Njiri atatenga ndodo.

"Ulendo wa kuti, a nduna?"

"Kwa a Nguluwe. Kambiraka kakufa. Ndikamuuze mwana wanga ndi pakamwa panga kuti ndalephera, asavutike ndi khola."

Gologolo adayang'ana minyanga ya Njiri, n'kuganiza za malichero onse amene sadafike. Njiri akafika kumeneko, iye watha. Kambirako kakafa, nkhokwe yatsekeka. Koma Gologolo akapanikizika ndi pamene mutu wake umagwira ntchito.

"Mukachoka, nkhokwe za mfumu asunga ndani? Khalani pansi, a nduna. Pali mawu ena amene ndinawasunga. Mwana wanu anati ndisawatulutse mpaka zonse zitakanika, chifukwa ankamvera chisoni mphuno yanu."

"Nena."

Tsono Gologolo adanena zoona, koyamba pa nkhani yonseyi. Ankazidziwa bwino, poti mano ake omwe sasiya kukula, n'chifukwa chake amangokhalira kutafuna zolimba. Komanso iye ali mumtengo muja ankamuona Namatope m'mawa uliwonse akudyetsa kambirako.

"Akuti mano a mbira amakula tsiku ndi tsiku, ndipo chowaperesa ndi udzu basi. Udzu ndiye nsima yake. Kholowa ndi bonongwe ndi ndiwo, pang'ono chabe. Mtedza ndi wa tsiku la alendo. Madzi akhale oyera. Uchi ayi."

"Uchi ananena yekha."

"Wasintha maganizo. Akutinso kambirako kachoke m'nyumba, kabwerere kuseri, kumene mphepo imapita osati kumene imachokera. Chimakuwengani ndi fumbi la udzu. Muzimweta m'mamawa mame asanaume. Musanayambe muzipaka matope kumphuno. Ndipo muzimweta mutagwada, pansi penipeni, kuti musagwedeze ngala zake."

"Nduna kugwadira udzu?"

"Walira mvula walira matope, a nduna."

Njiri adatsamiritsa ndodo pakhoma. M'mawa mwake adapaka matope kumaso, adagwada maondo onse awiri, n'kumweta udzu wanthete umene kambira kodwala kangathe kukoka. Amayi opita kumadzi adamuona, adagwira pakamwa, ndipo dzuwa lisadakwere mudzi wonse udali utamva kuti nduna ya nkhokwe yayamba kupembedza udzu. Njiri adangopitiriza kumweta. Ankayetsemulabe, koma mwa apo ndi apo, moti ankatha kupuma. Kumaso kudatuluka zotupa ndipo sizidaphwe.

Katsala kadayamba ndi katsamba kamodzi, kakukakoka cham'mbali. Gologolo adabweretsa timitengo ta gwafa toti kazikukuta, osati chifukwa cha chifundo, koma poteteza khosi lake. Pang'onopang'ono mano adaperesedwa, mimba idafewa, kambira kadayambanso kuthamanga m'khola. Ndipo m'mawa wina Njiri akuchokera komweta, udzu uli paphewa, adayamba nyimbo ija ali patali. Asadamalize n'komwe mzere wachiwiri, kamluzu kadamveka kuseri kwa nyumba. Njiri adaima panjira mpaka misozi idaleka.

Gologolo adaona kuti mphepo yadutsa, ndipo adatsika kudzalandira zake.

"Mwaona, a nduna, mawu a mwana wanu. Ndipitenso ndikamuuze kuti kachira? Kamba yekha basi."

Njiri adali atakhala pansi, akuthothola chisoso m'maondo. Sadadzutse mutu.

"Gologolo, njira ya kwa a Nguluwe ndinaiyendako. Ndinabwera nacho ichi mpaka m'makutu. Iwe maulendo onsewa, mchira waubweya ngati umenewo, wopanda ndi kachisoso kamodzi komwe."

Gologolo adayeza ndi maso mtunda wa pakati pa iye ndi mtengo.

"Usathawe. Ndinadziwa ulendo woyamba womwe."

"Nanga mtedza munkandipatsiranji?"

"Ndinkagula mawu. Unkawanena bwino. Ukati akuti, ine ndinkamumva mwana wanga, ndipo tsiku limenelo ndinkadya. Ndinkati bodza la chakudya silingaphe, bola ndimve dzina lake m'kamwa mwa munthu. Ndinatsala pang'ono kukapha nalo kambiraka, ine ndi iwe." Adataya chisoso pansi. "Tsopano upite zenizeni. Sindikukuopseza. Ukangomuuza kuti kali moyo, ndipo ukamuyang'ane bwino, udzandiuze mmene akuonekera."

Akadamuopseza, Gologolo akadadziwa chochita. Ziopsezo adazizolowera, ankazidumpha ngati nthambi. Koma izi zidamusowetsa polowera. Adanyamuka osatenga lichero, adaidutsa mphako ija osaiyang'ana, ndipo adayenda mpaka mapazi adachita zikang'a.

Atafika kwa a Nguluwe adapeza bwinja. Padalibe utsi, padalibe mwana wolira. Padali Nkhwali yekha, akutolatola pamene padali mtondo.

"Zikomo, mayi. Eni mudzi ali kuti?"

"Adasamuka mvula itakana," adatero Nkhwali.

"Nanga mtengwa wawo, mwana wa a Njiri?"

"Adapita nawo, khanda lili kumbuyo. Ankacheukacheuka, mpaka apongozi ake adamukalipira."

"Adalowera kuti?"

"Ena amati kum'mawa, ena amati kumpoto. Ine sindidawaperekeze."

Gologolo adazungulira bwinjalo. Kuseri kwa nyumba ina yakugwa adapeza timitengo tozikidwa mozungulira, tomangidwa ndi luzi mpaka pakati, topanda denga. Kadali kakhola kakang'ono, koti mbuzi singalowemo. Gologolo adakhala pansi pamenepo nthawi yaitali. Kenaka adapita kum'mawa, adafunsa, adapita kumpoto, adafunsa, ndipo palibe amene adawaona a Nguluwe.

Pobwerera ankakonza mawu njira yonse. Bodza sankalikonza, linkangobwera lokha, koma zoonazi adazitembenuza uku ndi uku osapeza pozigwirira. Adafika pakhomo pa Njiri ataonda, akutsimphina zenizeni, mchira utalukana ndi chisoso mwakuti sunkadzukanso.

Njiri adali kuseri, akuthira madzi m'kachigoba ka Katsala. Atacheuka sadayang'ane nkhope ya Gologolo. Adayang'ana mchira, n'kukhala pansi.

"Wafikadi," adatero. "Wamuona?"

Gologolo adatsegula pakamwa. Adaona nkhope yotupa ija, maondo okhakhala ndi kugwada, matope ouma pamphuno. Adaona Katsala kakutafuna udzu, kali konenepa bwino, kakudikira mwiniwake.

"Muli ndi mdzukulu, a nduna," adatero. "Khola ndaliona ndi maso angawa. Mitengo yazikidwa, luzi lamangidwa, kwatsala denga."

"Wanenanso chiyani?"

"Akuti udzu ukadzaphukanso abwera."

Njiri adayang'ananso mchira uja, chisoso chili mbwee, ndipo adakhulupirira. Mabodza onse aja ankawadziwa, koma ili lokha, lobwera ndi zikang'a kumapazi, adalilandira ndi manja awiri. Adalowa m'nkhokwe, adatuluka ndi lichero lodzaza kuposa onse.

"Sungani, a nduna," adatero Gologolo. "Mano akundiwawa."

Adakwera mumtengo mwake, ndipo tsiku limenelo sadatsikenso.

Udzu udaphuka. Njiri adasesa pakhomo, adazira nyumba, adasunga mtedza wa tsiku la alendo. Udzu udakula, udauma. Chilimwe chitafika, mame atasowa, Njiri ankapeza mtolo wa udzu wouma uli kale m'khola m'mawa uliwonse, kuti iye asaugwire. Ankadziwa amene akubweretsa, ndipo ankati mnyamatayu wasintha. Gologolo sankapemphapo kanthu. Udzu udaphukanso, udaumanso.

Nyimbo ija ikuimbidwabe. Njiri amatsogola ndi mawu ake osasa, Katsala kamavomera m'khola. Gologolo naye mumtengo amayamba nawo mzere woyamba, wa wanjala uja, koma pofika pa wachiwiri amangoti tche, tche, n'kugwedeza mchira, mawu osatuluka. Mukadzamumva akutero musadzamugende.

Yanga yathera pano, amene anaika mbatata paphulusa akaphule isanapserere. Koma mukadzakumana ndi Njiri, matope ali kumaso, zotupa zili m'masaya, atagwadira udzu maondo onse awiri, musadzamuseke. Mudzamutsatire mpaka kwawo, mudzaone mmene amalowera. Nyama zonse zimalowa m'nyumba ndi mutu. Iye amatembenuka pakhomo n'kulowa chafutambuyo, pang'onopang'ono, kuti maso atsalire kunjira.